Oyilo Wakuda ndi Oyilo Wofiira

Amuna anga adagwira ntchito yoyendetsa galimoto ku Halale zaka zambiri. Pobwerera kwathu ku Mbombwe adabwera ndi galimoto yakale imene bwana wawo adawasiyira. Inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, ndipo anthu ankabwera kudzasuzumira pansi pa chiwongolero kuti aone ngati zopondera zinalidi ziwiri zokha.

Loweruka lililonse m'mawa ankatsegula boneti pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinalibe nazo ntchito, ndinkakhala kudimba. Koma maso awo atayamba kuchita ng'ala, adandiitana kuti ndiziwaonera timizere ta pa kachitsulo koyezera oyilo.

Adandiphunzitsa kuti oyilo wa injini, wakuda uja, timamuyeza injini itazizira, galimoto itaima posatsetsereka. Kuzula kachitsulo, kupukuta ndi kansanza, kubwezera, kuzulanso. Oyilo wa magiya anali wofiira, ndipo ameneyo ankafuna injini yotentha, ikulira. Ine ndinkanena pamene wafika, iwo n'kununkhiza kansanzako. Ankati akayamba kununkha ngati mtedza wopserera ndiye kuti zinthu zavuta. Patapita chaka adandiphunzitsanso kuyendetsa, pa bwalo la mpira la kusukulu, ana atatsekera.

Tsiku lina tidanyamula kabichi kupita naye kumsika ku Namadzi, ine ndili pa chiwongolero. Pa chitunda china injini idangobangula, galimoto osakoka. Tidakwera movutikira. Titafika pamsika ndidayeza oyilo wofiira, kachitsulo n'kutuluka konyowa kunsonga kokha. Pansi pankadontha.

Padabwera makanika wina wa pomwepo, wamtali, chigubu cha oyilo wa injini chili m'manja. Adalowa pansi, n'kupeza kuti kapaipi kamasuka. Atakamanga, adauza amuna anga kuti athiramo oyilo wa m'chigubumo, popeza oyilo ndi oyilo basi. Ine sadandiyang'ane n'komwe.

"Funsani amayiwa," adatero amuna anga. "Ndi amene akuona."

Ndidakana. Makanikayo adaseka, nati wakonza malole ambirimbiri ndipo sadaphunzitsidwepo ntchito ndi munthu wa chitenje. Ndidamuuza kuti malolewo ndawamva, koma mu galimoto iyi simulowa oyilo wakuda. Mavenda anali ataunjikana.

M'masitolo a pa Namadzi munalibe oyilo wofiira. Ndidasiya amuna anga atakhala pa mpando wakutsogolo, chitseko chotsegula, n'kukwera basi ya ku Limbe. Kumeneko ndidalowa masitolo atatu ndisanamupeze. Pamene ndinkabwerako dzuwa linali litapendeka. Kabichi wina anali atagulidwa. Amayi ena ogulitsa tomato ndiwo adawathandiza amuna anga. Kabichi wotsalayo anali atafota.

Makanika uja adabwera ndi fanulo yake yothirira oyilo popanda kumuitana. Adagwirizira, ine ndikuthira pang'onopang'ono, kuyeza, kuthiranso. Kenaka adapaka oyiloyo pa chala n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Adafunsa amuna anga kuti oyiloyo amatchedwa chiyani, iwo n'kumulozeranso kwa ine.

Pobwerera galimoto idakoka bwinobwino. Amuna anga ankangodandaula kuti ndikuponda miyala dala, ndiponso kuti amayi a tomato aja amalankhula kwambiri. Kabichi wofotayo tidapatsa nkhumba za alamu anga.