Majezi a Thukuta

Sukulu yathu ya ku Sinda inali ndi majezi amtundu umodzi wokha, obiriwira. Anyamata ankayamba ndiwo kusewerera mpira, kenaka ife atsikana a mpira wamanja tinkawavala ali chinyowere ndi thukuta lawo.

Ndili giredi seveni tinapita ku mpikisano ku Katete. Masewero a anyamata anachedwa kuyamba, moti nthawi yathu itakwana iwo anali akadali m'bwalo. Woimbira anakana kuti tisewere ndi zovala zakunyumba.

Aphunzitsi athu aakazi anathamangira kwa ahedi. "Avuleni anyamata ali pabenchiwo, majezi otsalawo tibwereka kwina."

"Dikirani pang'ono, amayi," anatero ahedi, maso ali pa mpira. "Muwasokoneza anyamata."

Tinadikira padzuwa mpaka woimbira anapereka chipambano kwa anzathu a ku Vubwi, ife mpira osaugwira n'komwe. Tinali titakonzekera miyezi iwiri yathunthu! Anyamatawo anagonja ndi zigoli zinayi kwa duu.

Pobwerera, tili m'lole, ahedi anatiponyera thumba la majeziwo kuti tikachape. Ine ndinalikankha ndi phazi, ndipo Lolemba ahediwo anandilimitsa m'munda wa sukulu ati chifukwa cha mwano.