Chaka chimene ndinaika mapemphero pa mzere wogona

Pepala la galafu linali ndi timabokosi tobiriwira ting'onoting'ono, ndipo linkanunkha fumbi la choko. Aphunzitsi a masamu anatigawira limodzilimodzi, ife a Fomu wani, n'kutichenjeza kuti wolidetsa asabwere kudzalira. Langa ndinalisunga m'kati mwa Baibulo la amayi kuti lisapindike.

Chinali chaka chotsatira maliro a bambo. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Area 23, ndipo amayi anali ndi kamunda cha ku Tsabango. Pa Khirisimasi malume anabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo. Anayang'ana thumba la ufa lomwe linali pakona, nati: "Mlongo, chimanga chikakanika, mtsikanayu ndidzamutenga akathandize pakhomo panga. Sukulu sadya." Amayi anangoweramitsa mutu.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi anajambula mizere iwiri pabolodi, wina wogona, wina woima. Wogonawo, anatero, ndi wa chinthu chosadalira chinzake, chodziyendera chokha ngati masiku, kapena chimene munthu wasankha yekha. Woimawo ndi wa chodalira, chongotsatira. "Mukasinthanitsa, mitu ya maungu inu, ndiye kuti khanda labereka amake kumbuyo." Tinaseka. Kenaka anatiuza kuti aliyense apeze chinthu chomera, azichiyeza, aziika timadontho.

Anzanga anadzala nyemba m'zitini. Ine ndinasankha phesi limodzi m'munda mwa amayi, pafupi ndi chulu, n'kulimanga kansalu kofiira. Pansi ndinalemba masiku, m'mbali kutalika. Poyamba timadontho tinkakwera bwino, ndipo ndinkayenda njira ya ku Tsabango ndikuimba.

Ng'amba inagwa chimanga chili m'chiuno. Dothi linkaotcha mapazi ngakhale m'mawa. Masamba anapindika, nayamba kulira ngati mapepala mphepo ikadutsa. Mitambo inkasonkhana cha kumadzulo, kuda bii, anthu n'kuthamangira kukaanula zovala, kenaka n'kubalalika osagwetsa dontho. Timadontho tanga tinaleka kukwera. Tinangondandana, tonse pamsinkhu umodzi.

Kutchalitchi kunayamba mapemphero a mvula. Abusa analalikira za mneneri uja amene anawerama paphiri mpaka kamtambo kanaoneka kunyanja. Ndili pabenchi pomwepo, maganizo anandifikira. Masiku sindingawalamule, koma mapemphero ndimasankha ndekha kuchuluka kwake. Nditafika kunyumba ndinafufuta mawu akuti masiku, n'kulemba akuti mapemphero.

Kuyambira pamenepo pemphero lililonse linali kabokosi kamodzi. Ndinkagwada kuseri kwa bafa, timiyala tikundilasa m'mawondo. Ndinkagwada m'munda, nyerere zikundikwera. Pa nthawi yopuma kusukulu ndinkabisala kumbuyo kwa kalasi, mbatata yanga n'kusungira mlongo wanga wamng'ono, poti ndinamva kuti kusala kudya kumawonjezera mphamvu. Mzere unkapita kumanja, kumanja, osadzuka. Timabokosi titatha ndinamata pepala lina ndi phala.

Tsiku lopereka ntchito, aphunzitsi anaima nthawi yaitali pa desiki yanga. Ndinayembekeza za maungu zija, koma sanazinene. Anatsitsa mawu kuti ena asamve: "Kuyeza wayeza bwino, mwanawe. Nanga Amene ukumupemphayo wamuika mzere uti?" Ndinaganiza kuti ndi funso la mayeso, ndipo ndinachita manyazi kuti yankho sindikulidziwa.

Lero ndikulidziwa. Ndinamuika pa mzere woima. Iye amene mpweya wa chamoyo chilichonse uli m'dzanja lake, ndinamusandutsa wotsatira, woti ine ndikasuntha kabokosi nayenso asunthe. Sindimudzudzula mwana uja. Anali ndi mantha, ndipo ndaona akuluakulu ambiri, ine ndemwe pakati pawo, tikupemphera motero mpaka imvi.

Mvula inabwera mochedwa, yamphamvu, yongogwetsa mapesi ouma. Tinakolola tizitsononkho tosadzaza dengu. Malume anasunga mawu awo. Anafika Loweruka m'mawa, nakhala pampando panja, akufunsa ngati minibasi za ku depoti zimachedwa kudzaza. Zovala zanga zinali kale m'jumbo. Yunifolomu amayi anaichotsamo, poti kumene ndinkapitako sinkafunika. M'kalasi sindinalowenso.

Tisanatuluke amayi anandikokera m'chipinda, natseka chitseko, nati tigwade. Ndinadikira kuti amufunse Mulungu chifukwa chake. Iwo anayamba kuthokoza. Anathokoza chifukwa cha moyo, chifukwa cha ine, mwana amene Mulungu anawabwereka, chifukwa cha ubwino wake wosatha. Anapitiriza kuthokoza osasiya.

Ine maso sindinatseke. Ndinkayang'ana zidendene zawo zong'aluka, zodzaza dothi la m'munda umene sunatipatse kanthu, ndikudabwa kuti munthu wamkulu chotere akuthokoza chiyani. Atati ameni, ine ndinakhala chete.