Nyumba Yathu Inali Pofiira

Nkhuni zanga anazikana pa maliro. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti pali chinthu.

Anamwalira anali mmodzi wa mapasa a neba wathu wa kumunsi, kamnyamata ka zaka ziwiri. M'mawa mwake ndinachita monga timachitira tonse ku Mbedza: ndinamanga mtolo wa nkhuni zouma bwino, za paini, zimene bambo a ana anga ankatsika nazo kuphiri, ndinabereka mwana wamng'ono, n'kupita. Ndinatula mtolo pamene panali mitolo ya anzanga, ndinagwada, ndinapereka moni. Palibe anayankha. Mayi wina wa mpingo wathu womwe ananyamuka, anatenga mtolo wanga n'kukauika kuseri kwa mpanda, pafupi ndi ngalande. Anabwerako akupukuta manja pa chitenje.

Ndinakhalabe, poti pa maliro suthawa. Koma a kumanja kwanga anasuntha, a kumanzere anasunthanso, mpaka ndinatsala ndekha pa mkeka wonse ngati ndili ndi mphere. Nyimbo ndinkaidziwa koma sindinaimbe nawo. Ndinkangoyang'ana mapazi a anthu, kuona amene akuloza kwa ine.

Amene anandiuza ndi alandilodi athu, mayi wachikulire wamasiye, tikukwera chitunda pobwerera. Anandifunsa kumene ndinali Lachiwiri. Ndinati ndinali ku sikelo ndi mwana.

"Ndiye mapu aja sunawaone," anatero, osandiyang'ana.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, ndipo ana ankatsegula m'mimba nyumba ndi nyumba. Mpopi unali kutali, mzere wake unkafika kumsewu, choncho ambiri tinkatunga pa zitsime zokumba pamanja zimene zinali kumunsi kwa nyumba zathu. Ndiye kunabwera anthu a mabotolo, awiri, ochokera ku koleji. Wamkulu anali bambo wamtali wa jekete amene ankamutchula kuti adokotala, koma sanali wa chipatala, anali wa masamu. Winayo anali mtsikana wa magalasi, wophunzira wawo. Ankatunga madzi pa chitsime chilichonse, kulemba manambala pa mabotolo, kutsitsa chingwe kuyeza kuya kwake, n'kumapita. Sabata yotsatira abweranso. Ine ndinkawaona ndili kumtunda ndikuyanika matewera. Kwathuko sanakwereko olo tsiku limodzi. Chimbudzi chathu sanachionepo ndi maso, pakhomo pathu sanaodirepo.

Lachiwiri limenelo, alandilodi anati, anthu aja anaitanitsa msonkhano pa bwalo la tchalitchi n'kupachika chipepala chachikulu pa mtengo. Anali mapu a dera lathu, nyumba zili timadontho, ndipo kumtunda anapakako kofiira. Adokotala ananena kuti zonyansa zimene zikulowa m'zitsime zikuchokera penapake mkati mwa kofiirako, akuti kompyuta inawerengera chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa zitsime kukwera chitunda. M'kofiiramo munali zinthu zitatu: dzenje lakale la zinyalala, khola la nkhumba la atcheya a komiti ya zitsime, ndi nyumba yathu. Adokotala asanakhale pansi, atcheya anaimirira. Anati nkhumba zawo zakhala pamenepo zaka ndi zaka palibe mwana anafapo, koma pali anthu ena obwera amene anakumba chimbudzi chatsopano chaka chatha chomwechi.

Obwerawo ndi ife. Kwathu ndi ku Phalombe, makolo anachokera ku Mozambiki, ndipo ku Mbedza tinali ndi chaka chimodzi chokha.

"Nkhumba ndi za atcheya, dzenje lilibe mwini," anatero alandilodi. "Watsala ndiwe, mwana wanga."

Patapita masiku awiri chichitikire msonkhanowo ndi pamene kamwana kaja kanamwalira.

Wina anajambula mapuwo pa foni, ndipo chithunzicho chinayenda dera lonse. Ana a sukulu anachiona. Mwana wanga wamkulu, wamkazi, anali Sitandade 1, zaka sikisi. Anabwera tsiku lina akundifunsa kuti amayi, pofiira ndi pati, anzanga akuti ndine wa pofiira ndisagwire mpira wawo. Mawa lake anabwera diresi lili ndi matope kumsana. Tsiku lachitatu sindinamutumizenso. Ndinamuuza kuti aphunzitsi akudwala.

Ndinayamba kusunga zonse m'mutu. Amene wadutsa kawiri pa njira ya kuseri. Amene waima pa mtengo wa mapeyala n'kumayang'ana denga lathu. Wogulitsa tomato ankandiponyera tomato m'jumbo osafuna kugundana nane dzanja. Anyamata awiri anabwera n'kugwetsa mpanda wa udzu wa chimbudzi masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pakhomo, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndagona bwino. Madzi ndinkakatunga ku mpopi wakutali uja, ana onse awiri ndili nawo, wina kumsana wina pa dzanja, ndowa pamutu, chifukwa kuwasiya sindikanatha.

Bambo a ana ankacheka matabwa kuphiri, chakumtunda kwa Mulunguzi, n'kumatsika Loweruka. Nditawafotokozera anati dzenje la chimbudzi lija analikumba okha, lakuya bwino, ndipo anthu amalankhula n'kutopa. Anamanganso mpanda wa udzu uja, anakhala pakhonde Lamulungu lonse chikwanje chili pafupi, palibe anabwera. Lolemba anakwera. Ine ndinatsala.

Ndipo ndinene zoona, chinkandidya kwambiri ndi chakuti mwina zinali zoona. Ndinkapita kuseri n'kuyang'ana dzenjelo, kenako n'kuyang'ana kumunsi kumene kuli zitsime, n'kumayeza ndi maso. Mpaka lero sindidziwa.

Kenako ndinamva mawu a adokotala aja pa wailesi. Ndinkasenda mbatata, wailesi ili pa zenera. Anali pa pulogalamu ya nkhani za maphunziro, akufotokoza kuti apeza njira yodziwira kumene zonyansa za m'madzi zikuchokera popanda kukumba pansi, ndi masamu okha basi, ndipo akupita kunja kukaonetsa anzawo a masamu pa msonkhano waukulu. Anati anthu a ku Mbedza anawalandira bwino kwambiri. Wofunsa uja ananena nthabwala, onse awiri anaseka. Ndinazimitsa wailesi, mpeni ndinauika kutali.

M'mawa mwake ndinasiya wamkulu kwa alandilodi, ndinawapempha kawiri katatu kuti mwanayo asatuluke, ndinabereka wamng'ono n'kuyenda wapansi mpaka ku koleji. Alonda a pa geti anandifunsa chimene ndikugulitsa. Ndinati sindikugulitsa kanthu, ndikufuna a masamu. Anandiseka koma anandilozera.

Ndinalowa m'chinyumba chozizira, chonunkha polishi, zitseko mbali zonse. Pa khoma panali mapepala akuluakulu a Chingerezi, manambala ndi tizilembo topindika timene sindinationepo ku sukulu. Ndipo pakati pake panali mapu athu. Ndinawazindikira ndi ngalande ndi tchalitchi. Kofiira kaja kanali kowala bwino, kokongola, ndipo kadontho ka nyumba yathu kanali mkati mwenimweni. Ophunzira ankadutsa akudya zitumbuwa, osayang'anako n'komwe.

Mtsikana wa magalasi anatuluka pa chitseko china atanyamula laputopu. Ndinamuimitsa. Ndinaika chala pa kadonthoko n'kunena kuti iyi ndi nyumba yanga, muli ana awiri. Anamwetulira kaye ngati ndabwera kudzathokoza. Nditamuuza za nkhuni, za matope, za mpanda, kumwetulira kunatha. Anandipatsa mpando, ndinakana.

"Asisi, munapakiranji utoto pa nyumba imene simunafikepo?"

Anati ndimvetse kaye mmene masamu awo amayendera. Anandifunsa kumene ndinalekeza sukulu. Ndinati Sitandade 6.

"Chabwino amayi. Fili kuphatikiza folo?"

"Seveni."

"Nanga ndikakupatsani seveni, n'kukufunsani kuti anaphatikiza chiyani ndi chiyani?"

"Fili ndi folo."

"Kapena faifi ndi thuu. Kapena sikisi ndi wani. Masamu athu ndi amenewo. Yankho tili nalo, ndi madzi a m'zitsime aja. Tikufuna chimene chinabala yankholo, ndipo chikhoza kukhala ichi kapena icho."

Anapitiriza, akulankhula mofulumira tsopano, ngati wafika pamene amapakonda. Anati madzi angafanane chimodzimodzi kaya zonyansazo zachokera ku khola, ku dzenje kapena kwathu, kapena konse kutatu pang'onopang'ono. Anati botolo limodzi likalakwika pang'ono poyeza, kofiirako kamasuntha mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo n'chifukwa chake masamu amenewa ndi ovuta, anthu amawaphunzira moyo wonse. Kofiira sikatanthauza mlandu, anatero, katanthauza kuti mwina.

"Ndiye mwinayo munamulemba pati?"

Anandilozera timizere ta Chingerezi m'munsi mwa chipepalacho, ting'onoting'ono ngati nyerere.

Ndinati ndiye tiyeni lero lomwe, mukaime pa bwalo lomwe lija, mukanene za seveni zanuzo anthu amve. Anati sangathe, wolankhula ndi adokotala, ndipo adokotala ananyamuka dzulo, abwera pakatha masabata atatu. Anatinso kuti adziwe zenizeni afunika kuyezanso mvula ina ikadzayamba, ndi kukumba tizitsime tina kumtunda. Mvula ina, eti. Anatulutsa kabuku n'kulemba zimene ndinanena, akuti ndi mfundo yofunika kwambiri, adzaiika m'lipoti. Anandifunsa ngati ndingalole kuti andijambule mawu. Ndinamuyang'ana, magalasi oyera, nsapato zopanda matope, ndipo ndinamuda. Sanandinyoze, sanakweze mawu, koma ndinamuda kuposa anyamata ogwetsa mpanda aja. Iwo ankadziwa chimene akuchita.

Ndinabwerera chothamanga, mwana akugundagunda kumsana, sindikudziwa chimene chinkandithamangitsa. Ndinapeza alandilodi akusinza pakhonde. Wamkulu panalibe. Anati anali pompano akusewera ndi timiyala, mwina watsata mwana wa mbuzi.

Ndinamva kulira kumunsi.

Chitsime cha pafupi ndi nyumba ya mapasa anali atachitseka ndi minga chichitikire maliro. Ndinapeza mingayo ataikokera pambali. Make mapasa anali atagwira mwana wanga pa mkono, dzanja linalo lili ndi chitini cha madzi, akuchikanikiza pakamwa pake. Mwana analuma mano, madzi akutsikira m'khosi, diresi lonse lonyowa. Amayi anayi kapena asanu anaima chapatali ndowa zili m'manja. Palibe ankaletsa, palibenso ankathandiza.

"Amwe," ankatero make mapasa, mawu otsika, ngati akunyengerera mwana wake. "Wanga anamwa. Nayenso amwe."

Ndinamenya chitinicho chinakagwera uko, ndinakoka mwana. Mayiyo sanalimbane nane. Anangokhala pansi pa matope pomwepo, miyendo tambalale, n'kuyamba kuitana dzina la wakufa uja. Anali ataonda, tsitsi lometa la maliro lisanamere. Tinkachapa limodzi mayi ameneyo, anandibwerekapo sefa.

Kunyumba ndinamufunsa mwana ngati wameza. Anati ayi, kenako anati pang'ono, kenako anangolira. Ndinamuika chala kukhosi mpaka anasanza. Ndinawiritsa madzi a ku mpopi, ndinasungunula mchere ndi shuga monga anatiphunzitsira ku sikelo, ndinamumwetsa ndi supuni, ndikumugwira pamphumi, ndikumutsina pamimba kuona ngati khungu likubwerera. Alandilodi anaima pakhomo akupepesa. Anati tidikire Loweruka abambo atsike, apite kwa atcheya akakambirane ngati amuna. Linali Lachitatu.

Sindinadikire. Ndinayala chitenje pansi, ndinaikamo zovala za ana, mabuku a ku sikelo, bulangete limodzi, poto ndi kapu. Zina zonse ndinazisiya mmene zinalili, ndi matewera omwe pa chingwe, kuti oyang'ana aziyesa tilipo. Sindinadutse njira ya kumunsi. Ndinazungulira kumtunda, m'minda ya chimanga, wamng'ono kumsana, mtolo pamutu, wamkulu ndamugwira dzanja mpaka ananena kuti amayi mukundipweteka, koma sindinamutaye.

Tinafika ku Chikamveka dzuwa lisanalowe, kwa achemwali anga a mimba imodzi, amene amagulitsa kaunjika. Anayamba kufunsa, ndinati achemwali mafunso mawa, ndipatseni kaye pogoneka ana. Masiku atatu sindinachoke pambali pa mwana uja. Akapita kuseri ndinkapita naye n'kuyang'ana. Sanatsegule.

Tsiku lachinayi ndinatenga makope ake n'kung'amba zikuto zonse zimene zinali ndi dzina la sukulu yakale. Ndinamukhazika pa mwendo n'kumuphunzitsa: munthu akakufunsa kuti wachokera kuti, uziti ku Phalombe, kwa agogo. Ku Mbedza sukudziwako. Madzi umwe okhawo amene wakupatsa ndine kapena amayi aakulu, wina aliyense ukane, olo akhale aphunzitsi. Ndinamubwerezetsa mpaka ananena osaphonya. Kenako ndinayamwitsa wamng'ono, ndinamupereka m'manja mwa achemwali, ndinawauza kuti atseke geti, ndipo ndinayamba kukwera njira ya ku Mulunguzi kukakumana ndi bambo awo asanatsike, kuti asapite ku nyumba ija.