Kanyumba ka Denga Labuluu

Anzanga, ndisakubisireni. Usiku wathawu sindinaone tulo, ndipo chondisowetsa mtendere ndi kanyumba ka mu gemu ya pa foni. Sekani, kale nanenso ndikanaseka.

Ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope. Khomo loyandikana nafe ndi kashopu kokonza mafoni. Tsiku lina foni yanga inagwera m'ndowa ya madzi okolopera, ndipo ndinathamangira kumeneko ndikupemphera chamumtima.

Mnyamata wa pamenepo, yemwe aliyense amamutcha Injiniya, anaitsegula n'kuiumitsa. Itangoyaka inayamba kuimba nyimbo ya kwaya yathu.

"Pepani Asisitere," anatero akuseka, "foni yanu yabatizidwa kachiwiri."

"Ine si sisitere."

"Kuyambira lero ndinu."

Dzinalo linandikakamira, mwini wake nayenso anandikakamira mumtima.

Makasitomala akasowa, Injiniya ankasewera gemu yomanga mzinda. Anandiphunzitsa titakhala pa benchi ya kuseri kwa shopu. Umalambula misewu, umamanga nyumba ndi mafakitale, ndipo malo akatha umagwetsa zosafunika kuti umange zikuluzikulu. Mnzako akhozanso kukutumizira nyumba ya mphatso, n'kuima mu mzinda wako.

Ine ndinamutumizira kanyumba ka denga labuluu. Sikapindulitsa chilichonse mu gemumo, n'kokongoletsa basi. Iye anakaika m'mbali mwa mtsinje, pamalo abwino kuposa onse.

"Aka sindidzakagwetsa, Sisitere. Ngakhale mzinda wonse upse."

Anzanga, ndinakhulupirira ngati ndi vesi.

Ankandiperekeza pokwera basi. Anabwerako kutchalitchi kwathu, anagona ulaliki uli mkati, ine n'kumuteteza kuti akusinkhasinkha mawu. Ndivomere, ndinayamba kujomba kwaya, amayi n'kumawauza kuti kuntchito kwachuluka mapepala. Mulungu andikhululukire.

Achemwali anga anandichenjeza. "Iwe, mwamuna wogwira mafoni a atsikana tsiku lonse? Tsegula maso, osati Baibulo lokha."

Ndinawayankha kuti ndi nsanje.

Lolemba lapitali Injiniya anapita kukagula zipangizo za mafoni. Anandiimbira masana ali m'basi.

"Babe, netiweki ikuvuta kuno. Lowa mu akaunti yanga, ndakutumizira pasiwedi. Malo andithera, ndikufuna kumanga fakitale yaikulu. Zosafunika zonse ndaziika chizindikiro chofiira, iwe uzingodina delete."

Ndinasangalala bwanji! Mwamuna kukupatsa pasiwedi, si ngati wakupatsa kiyi wa nyumba?

Koma pali chinthu chimodzi chomwe iye anaiwala. Ukafuna kugwetsa nyumba ya mphatso, gemu imayamba yakufunsa ngati watsimikiza, n'kukuonetsa dzina lomwe mwini mzinda anasungira wotumizayo. Iye amadina mothamanga, sawerenga. Ine ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala la mankhwala.

Zizindikiro zofiira zinanditengera ku msewu wa kuseri kwa mafakitale, womwe sanandionetsepo. Tinyumba tokongoletsa tinandanda ngati manda.

Ndinadina koyamba. "Nesi wanga."

Kotsatira. "Wa ku saluni."

Kenanso. "Maso okoma."

Kumapeto kwa msewuwo, pafupi ndi dzala, kanyumba ka denga labuluu. Anali atakasamutsa. Nakonso kali ndi chizindikiro chofiira, ndipo pakhomo pake palembedwa "Sisitere".

Ndinapita kumtsinje kuja. Pamalo panga panaima kanyumba katsopano ka denga lapinki, kopanda chizindikiro. "Aphunzitsi."

Ndinamuimbira pomwepo.

"Kanyumba kanga kakulakwira chiyani?"

"Kanyumba kati? Aaa... Sisitere, imeneyo ndi gemu chabe!"

"Nanga Aphunzitsi ndi ndani?"

Anayankha injini ya basi ikulira kumbuyo.

"Ndi kasitomala."

"Inenso ndinali kasitomala," ndinatero, n'kudula foni.

Tinyumba ta anzanga enawo sindinatikhudze. Sindikuwadziwa, koma ndikudziwa kuti aliyense anauzidwapo za mtsinje. Ndinagwetsa kanga kokha. Gemu inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinavomera, ndipo denga lija linatitimira mu fumbi.

Bambo wina anali ataima pa kauntala ndi satifiketi yake. "Mwanawe, uli bwino?" Ndinati ndi fumbi la makina. Pepala lake ndinachita kulijambulanso, loyamba linanyowa.

Tsopano vuto langa ndi ili. Mu gemumo, nyumba ikagwetsedwa bwinja lake limakhalapo masiku angapo, ndipo amene anaitumiza akhoza kuimanganso. Nthawiyo ikadutsa, malowo amasesedwa ngati sipanakhalepo kanthu. Bwinja langa likusesedwa Lachisanu.

Injiniya anabwerako. Dzulo anaima pakhomo la shopu yathu, kasikuludilaiva kali kukhutu, nkhope ili yachisoni.

"Sisitere, chala chinangoterereka poika chizindikiro. Kamangenso, chonde. Ndikabwezera pamalo abwino."

"Pamtsinje?"

Anayang'ana pansi. "Ndipeza malo ena okongola."

Mmawa uno ndinasuzumira mu mzinda wake. Denga lapinki likadali pomwepo.

Achemwali akuti ndichotse gemu yonse, nambala yake ipitire limodzi. Koma shopu yake ili khomo loyandikana, ndipo ndikamva akuseka ndi kasitomala, mtima umandiwawa ngati ndameza singano. Ndapemphera, ndasala, ndabwerera ku kwaya, koma mawu sakutuluka. Mawu a Mulungu amati tizikhululuka, ndipo ndikuyesetsa. Chomwe sindikudziwa n'chakuti, kodi kukhululuka n'kumanganso pamalo pomwe unaikidwa kale chizindikiro chofiira?

Anzanga, makamaka inu amene munagwetsedwapo, ndiyankheni Lachisanu lisanafike. Chala changa chikungozungulira pa bwinja lija, ndipo ndikuchiopa.