Mapiritsi M'thumba la Mbewu

Achimwene anga ndi munthu wamakani, ndipo ine ndinatengera komweko. Chaka chimene mwendo wawo wakumanzere unatupa n'kutuluka zigamba zakuda, tinakangana kuposa zaka zonse zimene talima mpunga limodzi kwathu ku Malengachanzi.

Kuchipatala anati ndi khansa ya pakhungu, imene imakonda kugwira anthu amene chitetezo chawo chatsika. Kachilombo anali nako kale, zimenezo sitinkabisirana. Anawauza kuti azikalandira mankhwala a diripi, komanso asaleke ma ARV awo a tsiku ndi tsiku. Anawachenjeza kuti bala likakula, mwendowo adzaudula.

Ku diripi ankapita osajomba. Koma patatha miyezi itatu, zigamba zija zinali zikukwera kulowera m'bondo. Tsiku lina ndikutapa mbewu yoti ndikafese, dzanja langa linagunda mabotolo m'thumba la mpunga. Anali a ma ARV awo, atatu, onse osatsegula. Ndinapsa mtima moti ndinakawakhuthulira pamphasa pomwe anakhala, akazi awo, alamu anga, akuona.

"Achimwene, izi n'chiyani? Mukufuna mapiritsi amere?"

"Iwe, usandikalipire ngati mwana," anayankha. "Sindinataye, ndasunga. Unaonapo munthu akumwa mankhwala a asing'anga awiri nthawi imodzi? Amalimbana m'thupi. Ndimalize kaye a diripi, awa ndidzayambiranso."

Kwathu aliyense amadziwa zimenezo: ukayamba kwa sing'anga uyu, umamaliza kaye usanapite kwa wina. Sunali ulesi, iwo ankaona ngati akudzisamala. Komabe m'mawa mwake ndinawakweza pa kabaza, mabotolo nditamanga pa chitenje, ulendo wa kuchipatala.

Adokotala ake anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Ine ndinkafuna awakalipire, koma iwo anangofunsa kuti, "Bambo, mumalima chiyani?"

"Mpunga."

"Ukamacha, mpheta mumaingitsa bwanji?"

Apa achimwene anawongoka, nkhani yafika pakwawo. Anafotokoza kuti mmodzi amakwera pa nsanja, akaona gulu la mbalame likubwera amafuula. Pamenepo ena amakoka zingwe za zitini, ena amalasa ndi malegeni.

"Nanga wa pa nsanja akasowa?"

"Aa, ndiye a malegeni amangocheza pamthunzi, mpheta zikudya."

"M'thupi mwanu ndi momwemo," anatero adokotala. "Asilikali a m'thupi sagwira ntchito imodzi. Ena amayendera, akapeza selo loipa, kanthu kakang'ono ka m'thupi komwe kasanduka khansa, amatengako kachidutswa kukaonetsa anzawo. Ena ndi ofuula, amadzutsa gulu lonse. Ena ndiye akupha. Kachilombo kamapha ofuulawo. Diripi ikuchepetsa khansa, inde, koma siingakhale m'munda tsiku lililonse. Mapiritsi amene munabisawa ndi amene amabwezera munthu pa nsanja. Mankhwala awiriwa salimbana ayi, amadalirana."

Achimwene anayang'ana mwendo wawo. Kenako anati, "Pepani, mungandipatseko madzi omwera mapiritsi?"

Sizinasinthe msanga. Mpunga wa chaka chimenecho tinawokera ine ndi alamu, achimwene ali pamthunzi m'mbali mwa munda, tsitsi litathothoka, akutiuza kuti mizere yathu ndi yokhota. Ine m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo pawo mpaka ameze, iwo n'kumanditcha wapolisi. Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunaphwa, zigamba zinasiya kukwera n'kuyamba kufota. Pomwe tinkapita kukayezetsanso, anatiuza kuti asilikali achuluka, ndipo za kudula mwendo zinathera pomwepo. Zipsera zokha zilipo mpaka lero.

Chaka chotsatira, mpunga utayamba kucha, ndinalawira kudambo ndi zitini zanga. Ndili patali ndinaona munthu pa nsanja. Anali achimwene, atakwera okha ndi mwendo womwe uja, ataponda nawo nganganga. Gulu la mpheta litatulukira, anafuula mawu amene anamveka dambo lonse.

Ine ndinangoima m'matope, chingwe chili m'manja, misozi ili chuchuchu. Ndinali ndisanasangalalepo choncho chibadwire.

"Iwe, koka chingwe!" anandikalipira ali pamwamba. "Mpheta sizithawa misozi!"

Ndinakoka mpaka zitini ziwiri zinathothoka.