Tsiku limene amalume anatiperekeza ku Fort Lister

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linandibweza kwathu komwe, ku sukulu imene ndinaphunzirako kugwira pensulo. Anzanga ankatumizidwa ku Zomba ndi ku Blantyre. Ine ndinatsika minibasi pa msika wathu womwewo ndi chikwama chimodzi, amayi ogulitsa zitumbuwa n'kumandifunsa mwachifundo ngati ndalephera mayeso.

Kwathu ndi mbali ya ku Nazombe, ku Phalombe. Ukaima pakhomo la sukulu, phiri la Michesi limakhala ngati lakugwera pamphuno, la Mulanje likusuzumira pambali pake. Pakati pa mapiri awiriwo pali mpata, ndipo mumpatamo ndi mmene muli Fort Lister, linga lakale la azungu. Msika wathu ndi mzere umodzi wa magolosale, chigayo, mzikiti, tiyirumu, ndi matchalitchi ochuluka kuposa mijigo. Palinso kamtsinje kamene sikakonda kukhala malo amodzi. Mvula ikagwa yambiri m'phiri, kamasiya njira yake n'kukadutsa m'munda wa munthu wina.

Anandipatsa Sitandade 5. Mu temu yachiwiri munali mutu wa dera lathu: mapiri, mitsinje, anthu ndi mbiri yawo. Buku linali ndi zambiri za madera ena, za ife pang'ono chabe. Ahedi anandilangiza kuti ndiitane munthu wamkulu adzawafotokozere ana ndi pakamwa pake. Ine ndinaitana amalume, achimwene awo a mayi anga, mlimi wa chinangwa ndi nandolo, mkulu wa mpingo. Amalume anali ndi mbiri ya chinthu chilichonse, ngakhale ya mtengo wa mango wa pachigayo.

Kulakwa kwake kunali kwakuti amalume sasunga nkhani. Masana aliwonse ankasewera bawo pakhonde la mnzawo wa paubwana, bambo wa golosale yaikulu pamsikapo, Msilamu wa ndevu zoyera amene ana tonse tinakula tikumutchula kuti agolosale. Awiriwa sankagwirizana pa chilichonse, ngakhale pa tsiku limene mvula inayamba chaka chatha, koma wina akadwala mnzake sankadya. Agolosale atamva kuti mbiri ya dera ikafotokozedwa ndi amalume okha, anatseka golosale n'kubwera osaitanidwa. Amalume analowa m'kalasi ndi jekete ya kutchalitchi, agolosale pambuyo pawo ndi mkanjo woyera ndi ambulera.

Amalume anayamba bwino. Anafotokoza mmene agogo awo, Alhomwe, anachokera ku Mozambique pothawa zikoti ndi thangata la Apwitikizi, atasenza mbewu za chinangwa ndi ana kumsana. Anati atafika kuno sanapeze munthu, koma anyani ndi nguluwe basi. Agolosale anakhosomola pampando wawo.

“Nanga mchere umene anathira m'kalongonda tsiku loyambalo anagula kwa anyani?” anafunsa motero.

Agolosalewo anati agogo awo anali kale pano ndi malonda a mchere ndi nsalu. Amalume anafunsa kuti ngati kunalibe anthu, mcherewo ankagulitsa kwa yani. Agolosale anayankha kuti wamalonda weniweni amafika makasitomala asanafike. Ana anali atasiya kulemba, maso akungoyenda uku ndi uku ngati ali ku mpira.

Pofuna kuwalekanitsa ndinapempha amalume kuti ajambule mapu a mudzi pabolodi. Anajambula mapiri awiri ooneka ngati zulu za chiswe, msika pakati, kamtsinje kakudutsa kum'mawa kwa msikawo. Agolosale anaimirira, anafufuta kamtsinjeko ndi dzanja, n'kukajambula kumadzulo. Amalume anakabwezera. Zoona zake n'zakuti onse sankanama, aliyense ankajambula kamtsinje ka chaka chimene anakwatira. Ana ndi amene anawauza kuti masiku ano kamadutsa kuseri kwa zimbudzi za sukulu.

Kenako mtsikana wina wa kutsogolo anafunsa za Fort Lister. Apa akuluakulu aja anawala nkhope. Amalume anati makoma ake ndi aatali kuposa tchalitchi chathu, ndipo pali mizinga yoloza mbali zonse. Agolosale anati mizingayo si nkhani, nkhani ndi dzenje la pansi limene ukalowa umakatulukira ku Mozambique. Ahedi, amene ankamvetsera pawindo, analowa n'kunena kuti zinthu zoterezi ana ayenera kuziona ndi maso. Agolosale anapereka kalole kawo konyamulira nandolo, poti amalume analibe choti apereke choposa pamenepo.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Woyendetsa anali mkamwini wa agolosale, munthu wosayankhula. Ana anadzaza kumbuyo ndi timaphukusi ta makaka ndi mbatata zophika, akuimba nyimbo za tchopa. Akuluakulu awiri aja anapanikizana kutsogolo, aliyense akuuza mkamwiniyo njira yake, ngakhale msewu unali umodzi. Titayamba kukwera chitunda cholowera mumpata, kalole kanatsokomola, kanatulutsa utsi wakuda, n'kuzima. Mkamwini anatsika, anaika miyala kumatayala, n'kukhala pansi pa mtengo. Amalume anati palibe vuto, linga lili pafupi, ndipo njira yachidule akuidziwa ngati ya kumunda kwawo.

Njira yachiduleyo inatilowetsa m'minda ya anthu, m'chitedze, m'makhwawa. Mkanjo wa agolosale unadzala chisoso mpaka m'mawondo. Dzuwa litakwera tinafika pamalo ena pamene panali miyala yoyalidwa bwino mbali zinayi, kutalika kwake kofika m'chiuno mwa mwana. Amalume anavula chipewa. Anatiuza kuti tafika.

Ana anafunsa za makoma aatali aja. Amalume anati anagwa ndi mvula. Za mizinga anati boma linatenga. Agolosale, amene anali wefuwefu, anakhala pamwamba pa miyalayo n'kunena kuti dzenje lija liyenera kuti linakwiririka, koma akulimva pansi pawo, poti malowo akuzizira mwachilendo. Pamenepo amalume anayamba kulalikira. Anatisonyeza pamene msilikali wamkulu ankagona, pamene ankaphikira tiyi, ndi pakona pamene ankaimirira kuyang'ana adani. Anayankhula mokhudza mtima moti ana ena anagwira miyalayo mwaulemu, ine ndemwe ndinayamba kujambula malowo m'kope.

Tili mkati momvetsera, panatulukira mayi wina atasenza ndowa ya madzi. Anaima n'kumatiyang'ana, kenako anatula ndowa, anagwada pang'ono n'kupereka moni kwa akuluakulu. Anafunsa ngati ndife a bungwe lina lothandiza alimi. Amalume anamufotokozera kuti tabwera kudzaonetsa ana linga la azungu.

“Pepani bambo,” anatero mayiyo, “awa ndi maziko a khola la nkhumba. Amuna anga anayamba kumanga asanapite ku Joni.”

Sindinaonepo munthu wa zaka za agolosale akudzuka msanga chotero. Ambulera inagwera uko, iwo ali chilili akukutumula mkanjo kumbuyo. Mayi uja, atazindikira kuti ndi Msilamu, anayamba kulumbira kuti nkhumba sinagonemo ndi imodzi yomwe, kuti ngakhale yogula sanagule, akudikira amuna awo atumize. Agolosale anati amva, koma anapempha madzi a mundowa muja n'kusamba m'manja ndi kumaso. Ana anali atabalalika m'nandolo, ena atagona pansi ndi kuseka. Ine ndinkaluma kope kuti ndisaoneke mano pamaso pa amalume.

Amalume sanagonje. Anayang'anitsitsa miyala ija, anaigogoda ndi ndodo, n'kugamula kuti ndi miyala yakale kwambiri, ndipo mwamuna wa ku Joniyo ayenera kuti anakaitola ku linga. Choncho zonse zimene anafotokoza zinali zoona, kungoti miyalayo inasamuka. Mayiyo anati miyala anaifukula yekha m'munda momwemo. Amalume anachita ngati sanamve, anangofunsa njira. Iye analoza kumtunda, kufupi ndi msewu umene tinausiya uja.

Linga lenilenilo tinalipeza masana. Linali zidutswa za makoma a miyala, udzu utamera pakati, mitengo itazika mizu mmene munali zipinda. Chapambali panali manda a mzungu. Mbuzi za anthu zinkadya momwemo mosatekeseka. Mizinga kunalibe, dzenje kunalibe. Koma mphepo yake inali ina, yozizira, yochokera pakati pa mapiri awiri aja, ndipo kumbuyo kwathu chigwa chonse cha Phalombe chinali chitayalika pansi. Ana anayamba kukangana kuti akuona nyanja ya Chilwa, ena akuti ndi malata a nyumba za anthu akuwala ndi dzuwa.

Ndinasendera kwa amalume n'kuwafunsa chapansipansi ngati anafikapo pamalowa chibadwire.

“Ndakhala ndikukonzekera,” anatero.

Agolosale anavomera okha osafunsidwa kuti adutsa pamsewupo kambirimbiri popita kukagula nandolo kuseri kwa phiri, koma munthu wa malonda saima pamalo opanda ogula.

Ndinawasonkhanitsa ana kuti adye za m'timaphukusi tawo, n'kuwauza zochepa zimene ndinkadziwa: kuti mumpata umenewu munkadutsa njira ya anthu ogwidwa ukapolo, akuwapititsa kunyanja yamchere, ndipo azungu anamanga lingali kuti atseke njirayo. Agolosale anali atakhala pa tsinde la mtengo, atayang'ana kaye bwinobwino kuti ndi tsinde ndithu. Ndikuyankhula anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati kwawo kunali nkhani imene sankakonda kuikamba pagulu. Mayi wobereka agogo awo aja, a mchere aja, anadutsa pampata pano ali mtsikana, ali ndi goli m'khosi. Anadwala m'njira, anthu omugwirawo n'kumusiya pamudzi wina kumusi, ndipo ndi mmene anakhalira wa kuno. Kumene anachokera palibe anakudziwa, mwina ngakhale mwini wakeyo anaiwala.

Ana anasiya kutafuna. Amalume anayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali, poti pa zaka zonse za bawo zija nkhani imeneyi anali asanaimve. Kenako anamasula kaphukusi kawo, ananyema chinangwa pakati n'kuwapatsa.

“Ndiye kuti nanunso munabwera wapansi, achimwene,” anatero amalume. Agolosale analandira chinangwacho, n'kunena kuti inde wapansi, koma iwo ndi amene anayamba kufika.

Chiperoni chinatitsikira tisanamalize kudya. Mapiri onse awiri anabisika, mvula yowaza n'kuyamba. Tinatsika ndi msewu ulendo uno, popanda wonena za njira yachidule, ndipo tinadabwa kupeza kuti kalole kanali pafupi kwambiri. Mkamwini anali atakatembenuza mothandizidwa ndi anthu odutsa, kakuyang'ana kumusi. Anayankhula mawu ake oyamba a tsikulo, kuti kakufunika kukankha pang'ono chabe. Ana ndinawakweza onse chifukwa cha mvula, ine n'kukwera nawo kuti asagwe. Amalume ndi agolosale anati iwo ndi amuna, akankha okha n'kudumphira kakalira.

Kanaliradi. Koma mkamwini ankadziwa kuti akangoponda buleki kazimanso, ndipo kapena ankadziwanso kuti bulekiyo ndi ya dzina lokha. Tinatsetsereka chitunda chonse, ine ndikumenya denga ndi chikhatho, ana akubayibitsa. Ndinaona akuluakulu awiri akuthamanga masitepe ochepa, kenako n'kuima pakati pa msewu, wina jekete ili m'manja, wina akutsegula ambulera, mpaka chifunga chinawameza. Kalole kanakaima kokha pamsika, pakhomo penipeni pa golosale.

Mkamwini anakana kubwerera, ati mafuta atha, koma ndikuganiza kuti ankaopa nkhope ya apongozi ake. Azakhali, akazi a amalume, anandikalipira kuti ndataya munthu wa mawondo odwala m'phiri ngati mbuzi. Ndinatuma akabaza awiri kuti akawatenge, koma anaphonyana nawo m'njira.

Anafika okha dzuwa likulowa, atakwera ngolo ya ng'ombe yodzaza kabichi, atakhala pansi pa ambulera imodzi. Anali atanyowa mpaka mkati, koma mawu awo tinayamba kuwamva ngolo isanaoneke. Amalume ankati munthu wanzeru sapereka mwana wake kwa mwamuna wosadziwa kuimitsa galimoto. Agolosale ankati galimotoyo inathawa chifukwa amalume anakankha mopitirira muyeso, pofuna kudzionetsa kwa ana a sukulu. Mwini ngolo atawatsitsa anandiuza kuti sanaleke kukangana njira yonse, ndipo kabichi mmodzi amudya wamuwisi.

Lolemba ahedi anandiitana ku ofesi. Anati ulendowo unali wopindulitsa kwambiri, makolo ambiri ayamikira, ndipo usadzachitikenso.