Chipeso cha Mayi Loretta Brandl

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za Mayi Loretta Brandl, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali.

Anabadwa mu 1946 pafamu ya ng'ombe zamkaka kumpoto kwa tauni yathu ino. Ali mtsikana ankakama ng'ombe asanapite ku Misa, zala zitauma ndi chisanu. Anaphunzira unamwino, sanakwatiwe, ndipo anatumikira zaka makumi atatu pasukulu ya parishi yathu.

Chaka chilichonse sukulu ikatsegulira, ankatipesa tonse ndi chipeso chawo kufufuza nsabwe. Sankangoyang'ana pamwamba ayi. Ankapinda khutu lililonse, kukweza kolala, uku akunong'ona Tikuoneni Maria. "Takhazikika iwe, mutu ngati kabichi," ankatero, ife n'kumaseka.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu anapinda khutu langa n'kuona chilonda, pemphero linathera panjira.

"Wakuchita izi ndani, mwanangu?"

"Ndinagwa panjinga."

"Njinga yakwanuyo ili ndi zala?"

Lamulo limati namwino akakayikira kuti mwana akuzunzidwa adziwitse apolisi, osadikira umboni. Aphunzitsi aakulu anawachonderera ine ndikumva: "Mayi Loretta, amenewa ndi a Dale, otiyimbira limba Lamulungu lililonse. Tikambirane kaye ngati banja la mpingo."

"Kambiranani," anayankha. "Ine ndikuimba foni."

A Dale anali bambo anga ondipeza. Apolisi anabwera, ine ndinakakhala kwa azakhali.

Ambiri mwa inu mukukumbukira zotsatira zake. Nthawi yopatsana mtendere pa Misa manja ankawalambalala Mayi Loretta. Pachakudya cha nsomba cha Lachisanu m'nyengo ya Lenti, keke yawo inkabwerera yosadula. Mayi anga anawakalipira poimika magalimoto: "Mbeta iwe, za banja ukuzidziwira kuti?" Koma Mayi Loretta sanasamuke pampando wawo wachitatu kumanzere m'tchalitchi. Inenso ndinadana nawo zaka zambiri chifukwa chondichotsa kwathu.

Chaka chatha ndinakawaona kunyumba yosamalira okalamba, nditatenga mwana wanga Josie. Maso anali atafooka, koma dzanja linapita lokha kukhutu la mwanayo. "Kulibe kanthu," anatero. Ndinafuna kunena zikomo, iwo anandidula mawu.

"Usandithokoze. Chaka chimodzi ndisanaimbe foni ija ndinakuonanso ndi chilonda, ndinakhulupirira za njinga. Ndalapa kangapo, koma chakacho sindingakubwezere."

Anamwalira Lachiwiri m'mawa mwamtendere, atadzozedwa mafuta a odwala, kolona ili m'manja. Pamaliro tinalipo anthu khumi ndi mmodzi. Ndinawerenga kawiri. Mayi anga sanabwere.

Chipeso chija anasiyira ine. Ndimapesera Josie Loweruka lililonse, iye akudandaula kuti, "Amayi, mulibe nsabwe!" Ndimapinda khutu lamanja, kenako lamanzere. Ndikapeza kulibe kanthu, m'pamene ndimamaliza pemphero lija limene Mayi Loretta analisiyira panjira.

Ambuye awalandire.